Mphumu ndi Ntchito ya Wodwala Mwini Wake

Lero tikambirana za matenda a mphumu, amene ena amati befu, ndipo a m'tauni amangoti asima.

Matenda ambiri amene tinawazolowera ali ndi poyambira ndi pothera. Munthu akadwala malungo amapita kuchipatala, nalandira mankhwala a masiku atatu, ndipo akachira nkhani yatha. Wothyoka mwendo amamangidwa chikhakha, napirira milungu ingapo, kenaka nkuyambanso kupalasa njinga. Pa matenda otere wodwala amangodzipereka m'manja mwa odziwa ntchito. Mphumu si yotero. Munthu amakhala nayo zaka zambiri, mwina moyo wake wonse, ndipo mpaka lero palibe mankhwala oichotseratu m'thupi. Koma ilipo njira yoigonjetsera kotero kuti mwini wake azilima, azigona tulo, ngakhale kusewera mpira kumene. Njira imeneyi mbali yake yaikulu ili m'manja mwa wodwalayo.

Tawerengani nane. Chaka chili ndi maola 8,760. Ngati wodwala aonana ndi dokotala kanayi pa chaka, ulendo uliwonse mphindi 15, ndiye kuti pa chaka chathunthu wakhala ndi dokotala ola limodzi lokha. Maola ena onsewo ali yekha ndi chifuwa chake, kumunda, kumsika, kapena pamphasa usiku pamene dokotala ali mtulo kwawo. Tsono amene akuona matendawa tsiku ndi tsiku ndani?

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linayerekeza kuti m'chaka cha 2019 anthu okwana 262 miliyoni anali ndi mphumu, ndipo anthu 455,000 anamwalira nayo. Ambiri mwa omwalirawo anali a m'maiko osauka, kumene matendawa amachedwa kuzindikirika ndiponso mankhwala ake sapezeka nthawi zonse. Chomvetsa chisoni nchakuti imfa zambiri za mphumu nzopeweka.

Kuti timvetse ntchito ya wodwala, tiyambe taona chimene chimachitika m'chifuwamo. Mpweya umene timapuma umatsika pakhosi nulowa m'timipaipi timene timagawikana m'mapapo monga nthambi za mtengo, tina tating'ono kuposa udzu. Mwa munthu wa mphumu, khungu la m'kati mwa timipaipito limakhala lotupa ndi losachedwa kunyansidwa. Likangokhudzidwa ndi utsi, fumbi, mphepo yozizira kapena chimfine, minofu yozinga timipaipito imafinya, kutupa kumawonjezeka, ndipo makhololo onanda amadzaza mpata wotsalawo. Pamenepo mpweya umadutsa movutikira, makamaka potuluka, ndipo ndicho chifukwa chake m'chifuwa mumalira ngati mluzu. Munthu amabanika, amamva ngati wamangidwa chingwe pachifuwa, ndipo amatsokomola kwambiri usiku ndi m'bandakucha.

Mfundo imene ambiri saidziwa ndi iyi. Kubanika kukatha, kutupa kuja sikutha ayi. Kumatsalira m'katimo mwakachetechete. Amayi amene amataya phulusa pa mulu wa mankhusu adziwa bwino moto wake: pamwamba pamaoneka pozima, koma pansi ukunyeka, ndipo kamphepo kakangowomba malawi abuka. Kubanika ndiwo malawi, kutupa ndiwo moto wa pansi. Munthu amene amangothamangira mankhwala pa tsiku la malawi, nawaiwala pa masiku amene akupeza bwino, akusunga moto m'nyumba.

Kaamba ka ichi mankhwala a mphumu alipo a mitundu iwiri, ndipo wodwala aliyense ayenera kudziwa kusiyana kwake monga adziwira dzina lake. Onse awiri amabwera m'kabotolo kopopera m'kamwa, kamene ambiri amakatchula kuti inhela. Mtundu woyamba ndi wotsegula chifuwa. Wodziwika kwambiri ndi salbutamol, amene kawirikawiri amakhala m'chikuto chabuluu. Iyeyu amamasula minofu yofinya ija m'mphindi zochepa, ndipo mphamvu yake imatha pakapita maola anayi kapena kupitirirapo pang'ono. Kutupa sakukhudza konse. Mtundu wachiwiri ndi woteteza, monga beclomethasone, amene nthawi zambiri amakhala m'chikuto chofiirira. Ameneyu ndiye amazima moto wa pansi. Koma amagwira ntchito pang'onopang'ono. Mukapopera lero simumva kanthu lero. Phindu lake limaoneka pakapita masiku angapo, ngakhale milungu, ndipo limakhalapo pokhapokha ngati mukupopera monga anakuuzirani, m'mawa ndi madzulo, ngakhale pa tsiku limene mwadzuka wamphamvu. Mtundu wa chikuto umasiyana malinga ndi fakitale imene inapanga, choncho werengani dzina, kapena pemphani a kuchipatala akuikireni chizindikiro.

Mukuona tsono pamene pagona msampha. Mankhwala abuluu amakondedwa chifukwa amathandiza pomwepo, ndipo ofiirira amanyozedwa chifukwa saonetsa changu. Wodwala amati, awa ndiwo enieni, enawa ngongotaya nawo nthawi. Pamene zoona zake nzakuti ofiirirawo ndi amene amachepetsa imfa. M'chaka cha 2019 bungwe la akatswiri la GINA, limene limalemba malangizo a mphumu otsatidwa m'maiko ambiri, linasintha chiphunzitso chimene chinakhalapo zaka zambiri, nkunena kuti achinyamata ndi akuluakulu asamadalire salbutamol yekha, ngakhale mphumu yawo ikhale yooneka yaing'ono. Masiku ano kulinso inhela yophatikiza mankhwala awiri m'kabotolo kamodzi, budesonide ndi formoterol, yotsegula ndi kuteteza nthawi imodzi. Siipezeka paliponse ndipo mtengo wake ngwokwererapo, koma kufunsa za iyo si mlandu.

Pali mphekesera zimene zimayenda m'midzi, zoti ukayamba kupopera ndiye kuti sudzasiyanso, zoti inhela imafooketsa mtima, kapena zoti imapatsidwa kwa munthu amene watsala madzi amodzi. Zonsezi nzabodza, ndipo zavulaza anthu. Mankhwala opopera amapita molunjika kumapapo kumene kuli vuto, ndipo muyeso wake ngochepa kwambiri poyerekeza ndi wa mapiritsi. Mapiritsi a salbutamol amayamba azungulira thupi lonse, ndiye amachedwa kugwira ntchito, ndipo ndi amene amanjenjemeretsa manja ndi kuthamangitsa mtima koposa. Mapiritsi a prednisolone ngofunika ndithu pamene munthu wabanika kwambiri, koma nga masiku ochepa, molamulidwa ndi dokotala. Kuwagula pamsika ndi kumawamwa miyezi ndi miyezi kumatupitsa nkhope, kumafewetsa mafupa, ndipo kumatha kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Amayi oyembekezera nawonso asasiye kupopera poopa kupweteka mwana. Chimene chimaopseza mwana ali m'mimba ndi mayi wosowa mpweya.

Kukhala ndi inhela ndi kwina, kudziwa kupopera ndi kwina. Anthu ochuluka zedi, ophunzira ndi osaphunzira omwe, amapopera molakwika, kotero kuti mankhwala amathera pa lilime ndi pakhosi osafika kumapapo. Kapoperedwe koyenera ndi aka. Khalani tsonga kapena imirirani. Chotsani chivundikiro, gwedezani kabotolo, ndipo tulutsani mpweya. Lumani pakamwa pa inhela mopepuka ndi kutseka milomo. Mukangoyamba kukoka mpweya, pang'onopang'ono, dinani kamodzi, nkupitiriza kukoka mpaka chifuwa chitadzaza. Gwirani mpweyawo mukuwerenga chamumtima mpaka khumi, kenaka tulutsani. Ngati anakuuzani kupopera kawiri, dikirani pang'ono, gwedezaninso, nkubwereza. Mukaona utsi wa mankhwala ukutuluka m'mbali mwa milomo, dziwani kuti ataika. Mukatha kupopera ofiirira aja, chukuchani m'kamwa ndi madzi nkulavula, kuti mungatuluke zoyera pa lilime kapena kusasa mawu.

Kudina ndi kukoka mpweya nthawi imodzi nkovuta kwa ana, kwa okalamba, ndi kwa aliyense amene wabanika kale. Pofuna kuthetsa vutoli anapanga chibotolo chapakati, chimene mankhwala amayamba akhalamo kaye munthu nkumawakoka mosathamanga. Cha m'sitolo nchodula. Koma m'chaka cha 1999 dokotala wa ana Heather Zar ndi anzake a pa chipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo, zosonyeza kuti botolo lapulasitiki la zakumwa la mamililita 500, likakonzedwa bwino, limagwira ntchito mofanana ndi cha m'sitolo chija. Kapu yopepuka yomwera, imene anaiyesanso, inalephera. Kakonzedwe kake nkosavuta. Mumaboola pansi pa botolo bowo lofanana ndendende ndi pakamwa pa inhela, nkuilowetsa mothina kuti pasatsale mpata. Botolo litsukidwe ndi madzi a sopo, lisapukutidwe ndi nsalu, liume lokha. Wodwala amaika kukamwa kwa botolo m'kamwa mwake, wina nkudina kamodzi, iye nkupuma m'botolomo kanayi kapena kasanu. Kudina kamodzi, kupuma, kenaka kudinanso. Osati kudina kambirimbiri nthawi imodzi. Mwana wamng'ono amene sangathe kutseka milomo pa botolo amafunika chovala kumaso chophimba mphuno ndi pakamwa, ndipo za ichi funsani anamwino.

Apa ndingopatukako pang'ono. Inhela imene tikukambayi inayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1956 ku America, ndipo mbiri yake imati ganizo linachokera kwa mtsikana wa zaka 13 wodwala mphumu, mwana wa George Maison, mkulu wa kampani ya mankhwala ya Riker. Mtsikanayo, atatopa ndi chipangizo chagalasi chosachedwa kusweka chimene ankagwiritsa ntchito, anafunsa bambo ake chifukwa chimene mankhwala ake sakanaikidwira m'chitini chopopera monga mafuta a m'tsitsi. Kale kwambiri izi zisanachitike, m'chaka cha 1860, dokotala wina wa ku London, Henry Hyde Salter, analemba buku lotchuka la mphumu. Iye mwini anali wodwala mphumu kuyambira ubwana, ndipo zina zimene analemba, monga zakuti ubweya wa mphaka umatha kubanikitsa munthu, anaziona pa thupi lake lomwe. Odwala akhala akuphunzitsa madokotala kuyambira kale.

Ntchito imene Salter anaichita pa iye yekha ndi imene wodwala aliyense ayenera kuichita: kufufuza chimene chimautsa mphumu yake. Palibe dokotala amene angakuchitireni zimenezi, pakuti zoutsa zimasiyana munthu ndi munthu. Wina amabanika m'mwezi wa June ndi July kukazizira ku Dedza kapena ku Mzimba. Wina ndi chiperoni chikatsika ku Thyolo ndi ku Mulanje. Wina ndi nyengo yotentha tchire, utsi utaphimba mapiri. Wina amayamba kutsokomola akangolowa m'chigayo, kapena popeta chimanga chofumbwa, kapena posankha fodya m'shedi. Ena ndi mphemvu, nkhungu ya pakhoma m'nyengo ya dzinja, nthenga za nkhuku zogona m'nyumba, utsi wa koloboyi, kapena utsi wa mankhwala oyatsa othamangitsira udzudzu. Tengani kope la ana asukulu, muzilembamo tsiku limene mwabanika, kumene munali, chimene munkachita, ndi kuti munapopera kangati. Ngati simulemba, mdzukulu akulembereni, kapena muzingojambula timizere pa kalendala. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, kopelo lidzayamba kukuuzani zinthu zimene simunkaziganizira.

Ndikudziwa kuti wina pamenepo akuti, nanga ndisiye kuphika? Ndisiye kupita kuchigayo? Uphungu wakuti pewani utsi ngosavuta kuunena kwa munthu amene amaphikira magetsi. Mayi wa kumudzi sangathawe moto. Koma angathe kuphikira panja kapena m'khitchini ya mazenera, angathe kusankha nkhuni zouma bwino m'malo mwa zaziwisi, ndipo angathe kugona kutali ndi kumene kukufuka utsi. Posesa, angawaze madzi pansi poyamba. Zofunda angaziyanike pa dzuwa kawirikawiri. Kuchigayo angatume wina, ndipo pabanja pamene pali chikondi zimenezi sizifuna msonkhano. Koma za fodya ndilankhula mosapsatira. Wa mphumu asasute, ndipo bambo amene amasutira m'nyumba momwe muli mwana wa mphumu akumudwalitsa mwanayo ndi dzanja lake.

Mankhwala ena a matenda ena amautsanso mphumu. Asipirini ndi anzake monga ibuprofen ndi diclofenac amabanikitsa odwala ena, ngakhale si onse. Propranolol ndi atenolol, amene amaperekedwa pa matenda a mtima ndi kuthamanga kwa magazi, amatha kufinya timipaipi tija. Choncho kulikonse kumene mukulandira mankhwala, nenani msanga kuti muli ndi mphumu, musadikire kufunsidwa.

Nanga mungadziwe bwanji kuti mphumu yanu yagonja kapena ikukula? Akatswiri amagwiritsa ntchito mafunso anayi, ndipo mungathe kudzifunsa nokha pa kutha kwa mwezi uliwonse. Kodi m'milungu inayi yapitayi ndabanika kapena kutsokomola masana koposa kawiri pa mlungu? Kodi mphumu yandidzutsapo usiku? Kodi ndapopera abuluu koposa kawiri pa mlungu? Kodi pali ntchito imene ndalephera kugwira chifukwa cha chifuwa? Ngati mayankho onse ndi ayi, zili bwino, pitirizani. Ngati pali inde, moto wa pansi uja ukunyeka, ndipo pitani kuchipatala ngakhale tsiku limene anakulemberani lisanafike. Palinso chizindikiro china chosavuta kuwerenga. Munthu amene amamaliza timabotolo tabuluu titatu kapena kuposerapo pa chaka ali pa chiopsezo chachikulu cha kubanika koopsa. Vuto la ambiri nlakuti anazolowera kuvutika. Munthu amadzuka usiku uliwonse kutsokomola, koma ukamufunsa amati ndili bwino, ndi mmene ndinabadwira.

Kuwerengera mankhwala nayonso ndi ntchito ya mwini. Timabotolo tambiri timalembedwa kuti tili ndi miyeso 200. Ngati mumapopera kawiri m'mawa ndi kawiri madzulo, ndiye kanayi pa tsiku, kabotolo kadzatha pa masiku 50. Lembani tsiku limene mwayamba, muwerengere tsiku lothera. Musanyengedwe ndi kulira kwa kabotolo mukakagwedeza, pakuti kamatha kumatulutsabe mpweya mankhwala atatha kale. Ndipo popeza tonse tidziwa kuti pa zipatala zathu mankhwala nthawi zina amasowa, pitani kukatenga ena kudakali milungu iwiri.

Popita kuchipatalako nyamulani kabuku kanu ka kuchipatala, kope lija, inhela zonse ndi botolo lomwe. Pemphani a dokotala kapena anamwino akuoneni mukupopera, akukonzeni pamene mukulakwitsa. Ambiri a ife tinaleredwa kuti pamaso pa dokotala munthu amangoti inde, ndipo ulemu ndi chinthu chabwino. Koma akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funsani kuti, awa ndi otsegula kapena oteteza? Ndipopere kangati? Zikavuta usiku ndichite chiyani, ndipo ndithamangire kuno zikafika pati? Mayankhowo alembedwe m'kabuku kanu. Ku United Kingdom, bungwe la madokotala la Royal College of Physicians linafufuza imfa 195 za mphumu nkutulutsa lipoti m'chaka cha 2014. Linapeza kuti mwa omwalirawo, osakwana mmodzi mwa anayi alionse ndi amene anali ndi malangizo olembedwa otere, ndipo pafupifupi theka anamwalira asanaitane thandizo kapena thandizo lisanawafike. Kumeneko ndi kumene ambulansi imabwera ndi telefoni imodzi. Nanji kwa ife amene chipatala chili mtunda wa maola awiri pa njinga?

Chenjezo limodzi lisanatipitirire. Si chifuwa chilichonse cholira chimene chili mphumu. Munthu wotsokomola milungu iwiri kapena kuposerapo, amene akuonda, kutuluka thukuta usiku kapena kulavula magazi, akayezetse makhololo, pakuti chingakhale chifuwa chachikulu. Wachikulire amene akubanika miyendo itatupa angakhale ndi vuto la mtima. Musabwereke inhela ya mnansi nkudzigamula nokha. Ndipo mphumu yeniyeni siipatsirana. Imayenda m'magazi a pabanja, koma simungaitenge podyera mbale imodzi kapena pogona chipinda chimodzi ndi wodwala.

Tsopano za tsiku loipa, limene banja lonse liyenera kulikonzekera lisanafike. Zizindikiro zoopsa ndi izi: wodwala akulephera kumaliza chiganizo osapumira, akulephera kugona chagada, khungu la pakhosi ndi pakati pa nthiti likulowa m'kati popuma, milomo kapena lilime zasintha mtundu, kapena wayamba kusokonezeka ndi kuodzera. Choopsa koposa ndi pamene mluzu uja wasiya kulira koma munthu akubanikabe, pakuti ndiye kuti mpweya sukudutsanso. Mukhazikeni tsonga, musamugoneke. Anthu asamuunjirire. Mupatseni salbutamol kudzera m'botolo, kudina kamodzikamodzi monga tafotokozera, mpaka kakhumi ngati ndi wamkulu, ndipo kwa mwana monga analembera a kuchipatala. Ngati sakusintha, nyamukani pomwepo, usiku kapena masana, ndipo bwerezani mankhwalawo m'njira pakapita mphindi 20 zilizonse. Musadikire kuti kuche. Ofiirira aja sangatsegule chifuwa pa nthawi yotereyi. Nkwanzeru kupangana ndi mwini njinga kapena galimoto kudakali bwino, ndi kusunga inhela pamalo amodzi odziwika ndi aliyense m'nyumba, poti nkuipeza ngakhale mumdima. Wodwala akatuluka m'chipatala abwererenso pasanathe mlungu kukaonedwa, chifukwa amene wabanika koopsa kamodzi amakhala pafupi kubanikanso.

Mawu otsiriza apite kwa aphunzitsi. M'kalasi mwanu mungakhale mwana amene amaodzera m'mawa chifukwa wachezera kutsokomola, ndipo si ulesi. Musamuike pa gulu losesa m'kalasi kapena lofufuta bolodi. Mpatseni ntchito ina, monga kuthirira maluwa. Musamuletse masewera. Ngati kuthamanga kumamubanikitsa, a kuchipatala amalangiza kupopera abuluu mphindi 10 kapena 15 asanayambe, ndipo akamabanikabe makolo auzidwe kuti mankhwala oteteza akaonedwenso. Inhela yake ikhale m'thumba mwake kapena pa tebulo lanu, isatsekeredwe mu ofesi ya aphunzitsi aakulu amene mwina apita ku msonkhano ndi makiyi.